Ambuya Inasiya ndi Mkuzi wa Mapalo

Tawaika Ambuya Inasiya Lachiwiri, ndipo lero Loweruka anthu a pamaliro atha kubalalika. Ndakhala pansi kuti ndilembe za iwo mutu wanga usanayambe kuwakongoletsa, pakuti m'tchalitchi ndinamva wina akuwatchula mayi wofatsa, ine n'kuweramitsa nkhope kuti ndisaseke. Ambuya sanali ofatsa. Anali amayi a ambuya anga, munthu wamkulu kuposa onse kuno kwa Mphuka, ndipo anakanganapo ndi pafupifupi aliyense amene ananyamula bokosi lawo.

Mkangano wawo womaliza anausiya usanathe. Unali wa Mapalo, mwana wa asisi anga a Rozina, amene wakhala pakhomo pathu kuyambira Pasaka wa chaka chatha pamene makolo ake ali ku Kitwe. Alamu anga, amene timawaitana Bashi Mapalo, ndiye kuti bambo a Mapalo, monga amachitira kwawoko, anabwera ku maliro ndi kachikwama kopanda kanthu koti alongedzemo zovala za mwanayo. Tonse tinakaona kachikwamako, ndipo tonse tinadziwa kuti munthu amene anawakaniza mwanayo chaka chatha wagona m'bokosi.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kunena za mkuzi. Mwana aliyense wobadwa m'banja mwathu, ndi ambiri a m'mudzi muno, anamangidwa mkuzi m'chiuno ndi manja a Ambuya. Ankasenda luzi la mlambe, kuliviika m'phale, n'kulipota pantchafu mpaka likhale kachingwe kosalala. Pomanga ankasiya mpata wolowa zala ziwiri. Mayi akabwera ndi mwana kudzawaona, Ambuya sankafunsa za ulendo. Ankayamba ndi kukweza kamalaya ka mwana n'kulowetsa zala pansi pa chingwe. Zala zikakana kulowa ankaseka, kudula chingwecho, n'kupota china. Zikalowa zitatu nkhope inkasintha, ndipo mayiyo ankayenera kufotokoza zonse zimene mwana wadya kuyambira dzulo.

Amayi ena a kutchalitchi anawadzerapo kuti mkuzi ndi chithumwa, sichiyenera Mkhristu. Lamulungu lotsatira Ambuya anatenga kachingwe katsopano, ndipo Misa itatha anakamasula ulusi ndi ulusi pabwalo la tchalitchi, n'kuwauza amayiwo kuti aloze pamene pali mankhwala. Anawonjezera kuti ngati chingwe cha m'chiuno ndi tchimo, akatekisi ayambe ndi kuvula lamba wawo. Nkhaniyo inathera pompo. Ndi a kuchipatala sankakangana nawo. Ambuya ndiwo ankathamangitsa amayi aulesi kuti apite ndi ana ku sikelo, koma ankati sikelo imaona mwana kamodzi pamwezi, pamene chingwe chimamuona nthawi iliyonse akamasamba.

Zakale sankazisimba pofuna kusangalatsa ana. Ankazitulutsa pokangana, ngati munthu wowerama kutola mwala, choncho mbiri yawo ndinaitolera zidutswazidutswa. Tsiku limodzi lokha ndi limene ndinawafunsa mwadala. Kusukulu tinkaphunzira za matauni a m'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zazikulu, ndipo anatiuza kuti tiyerekezere moyo wa m'tauni ya minda ndi wa m'tauni ya migodi. Ambuya anakhalako konse kuwiri ali kamtsikana. Nditawafunsa kuti kunali bwino ndi kuti, anandiyang'ana ngati ndawafunsa kuti pakati pa ng'ona ndi mvuu asankhe yoti ikawaolotse.

Atate awo anali ochokera kutsidya, cha ku Zumbo. Anaoloka pa bwato kuthawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kukhala pang'ono ku Feira. Koma kunonso kunkafunika msonkho, choncho anatenga mkazi ndi mwana n'kuyenda wapansi mpaka ku Foti Jemusoni, kumene lero timati Chipata. Ambuya ankangoti ku Foti. Ankati kumeneko maso ankakhuta koma mimba ayi. Minda inali yobiriwira mpaka m'tsinde mwa mapiri, koma yonse inali ya fodya wa azungu, ndipo fodya saphikidwa. Wantchito ankalandira phoso, ufa ndi kamchere, koma muyeso wake unali wa munthu mmodzi, ngati kuti wantchitoyo sanabereke. Amayi awo anabzala maungu kuseri kwa kanyumba kawo ka udzu, kapitawo n'kuwazulitsa ati malowo ndi ofesapo fodya. Ambuya eni ake, ali kamwana, ankatola mbozi pa masamba. M'tauni munali masitolo a amwenye odzaza nsalu ndi njinga, ndipo Lamulungu ankapita kukaziona ndi maso.

Ku Foti ndi kumene kunabadwira mlongo wawo Zuze. Ambuya ankati mkuzi wa Zuze utayamba kulendewera, amayi awo anaufupikitsa. Utalendeweranso anaufupikitsanso, kuti atate pobwera ku ntchito asaone, ndiponso kuti iwo eni asaone. Mmawa wina pomusambitsa chingwe chinatsetsereka mpaka m'mawondo. Anamuika kuseri kwa zigafa za fodya, ndipo palibe wa m'banja mwathu amene anabwererako kukaona pamalopo.

Atate atamva kuti ku migodi akulembanso anthu, banja lonse linapita ku Luanshya. Pano Ambuya sankabisa kanthu: ku mgodi ankadya. Nyumba zinali za chipinda chimodzi, zondandalikana ngati mizere ya m'munda, chimbudzi chinali cha anthu ambirimbiri, lipenga la mgodi linkalira osasamala kuti wina wadwala, ndipo apolisi a m'komboni ankalowa m'nyumba osaodira. Koma madzi ankatuluka mu mpope, ndipo tsiku la phoso amayi ankabwera ndi ufa, nyemba, nsawa ndi nyama. Ankati kumeneko ndi kumene anaona koyamba nyama ikudyedwa popanda maliro kapena ukwati. Mng'ono wawo Mariya anabadwira komweko, ndipo mkuzi wake unkadulidwa pafupipafupi chifukwa chothina.

Koma chakudya chonsecho chinkadzera pa tikiti ya ntchito ya atate. Mwala utawaphwanya phazi pansi pa mgodi, anawachiza bwino ndithu ku chipatala cha mgodi, kenaka anawalanda tikiti n'kuwauza kuti atuluke m'nyumba. Chimene Ambuya sanaiwale ndi mayi wina amene anaima panja ndi miphika yake pamutu, kudikira kuti iwo amalize kutulutsa katundu. Mayiyo sanali woipa, ankangoyang'ana kumbali. Paulendo wobwerera ku Feira chingwe cha Mariya chinalendewera, koma abale a kuno anamutsitsimula ndi nsomba ndi phala la masau, ndipo anakula mpaka kuona zidzukulu.

Nditawaumiriza kuti andipatse yankho loti ndikalembe, anati ku Foti nthaka inali ndi mwini wake, ku mgodi mphika unali ndi mwini wake. Ku Foti mwana ankaonda pang'onopang'ono, ku mgodi ankanenepa mpaka tsiku limene mwini mphika anena kuti basi. Anandiuza kuti ndikalembe zonse ziwiri, ndisachotsepo nyama ya ku Luanshya pofuna kukometsa minda.

Anthu amene sankawadziwa bwino ankaganiza kuti Ambuya amadana ndi tauni. Si zoona. Mudzi uno unawadyera ana awo ena ndi malungo, ndipo sankaukhululukira. Chaka cha chilala, mapira atapsa m'minda ndipo njovu zitamaliza zotsala, iwo ndi amene anakakamiza msuweni wanga kuti atumize kamwana kake ku Lusaka kwa azakhali olembedwa ntchito. Wina atawanena kuti alibe mbali, anayankha kuti alibe chibale ndi malo. Kumene chingwe chikuthina ndi kumene mwana akhale.

Tsopano ndilembe za Pasaka wa chaka chatha. Asisi a Rozina anachirira kuno mwana wawo woyamba, Mapaloyu, Ambuya n'kumumanga mkuzi, kenaka anabwerera naye ku Kitwe. Pa Pasaka anabwera kudzacheza pamodzi ndi alamu, atavala bwino, atanyamula shuga ndi buledi. Mapalo anali atavala juzi ngakhale kuno kumatentha. Ambuya analowetsa zala pansi pa chingwe, zinalowa ziwiri monga mwa lamulo, koma sanaseke. Anandituma madzi, n'kunena kuti mwanayo amusambitsa okha. Atamuvula tinaona nthiti. Ambuya anatembenuza chingwe mpaka mfundo inabwera kutsogolo.

"Mfundo iyi wamanga ndani?" anafunsa.

"Ndinu, Ambuya," anayankha asisi.

"Ine ndimamanga ngati womangirira mbuzi? Mfundo yanga imagona, simukanda mwana. Iyi ndi ya munthu womanga mothamanga, ali m'basi."

Asisi anakhala pansi pa dothi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Zonse zinatuluka. Kontrakiti imene alamu ankagwirako ku mgodi inali itatha kalekale. Ankadya kamodzi patsiku, mkaka unali utauma, ndipo mwana ankamwa tiyi. Asisi anafupikitsa chingwe basi itafika pa mlatho wa Luangwa, poopa zala za Ambuya. Ine ndinkayembekezera kuti Ambuya akalipa, koma anangomaliza kumusambitsa mwanayo, n'kumupukuta pakati pa zala zonse.

Mmawa wa tsiku lobwerera, alamu akumanga katundu, Ambuya anauza amayi anga kuti awaike mwana kumbuyo. Amayi anakana, ati msana wa munthu wa zaka zimenezo sungabereke mwana. Ambuya anati ngati amayi sakufuna aitana mwana wa aneba. Amayi anawaika. Ambuya anamanga chitenje pachifuwa, anayenda ndi ndodo mpaka pansi pa mtengo wa masau umene uli pakhomo polowera, pamene ankakhala masiku onse, n'kukhala pa kampando kawo.

Alamu anatuluka ndi zikwama.

"Ambuya, basi izatisiya," anatero.

"Ikusiyeni, amuna anga. Inu mwandisiya ine chaka chonse, ndinafa?"

Ankawaitana choncho chiyambire, monga ambuya amachitira ndi mwamuna wa mdzukulu wawo, ndipo masiku ena alamu ankabweza nthabwalayo. Tsiku limenelo sanabweze.

"Awe, Ambuya, si nthawi yoseka ino. Nipatseni mwana."

"Bwerani mudzamasule."

Mfundo ya chitenje inali pachifuwa pawo. Palibe mkamwini, kaya wa kuno kaya wa ku Kitwe, amene angatambasule dzanja kukagwira pachifuwa pa ambuya a apongozi ake. Alamu anafika pafupi n'kuima. Aneba anali atayamba kusesa pafupi ndi mpanda wathu, pamalo osafunika kusesa.

"Kuno kuli chani?" anatero alamu. "Ng'ona, udzudzu, njovu mu minda. Ku Kitwe chipatala chili pafupi, kuli malaiti, kuli masukulu. Mwana wanga sazakulira mu bwato."

"Zonse mwanenazo n'zoona. Ng'ona ziliko, ina inandidyera mlamu wanga. Nanga malaitiwo mumathira mchere, kapena mumadya choncho?"

"Nchito nizapeza."

"Mudzaipeza, ndinu mwamuna wamphamvu. Atate anga analinso amphamvu. Ine ndinaona mayi akufupikitsa chingwe, ndinaonanso kumene zimathera. Mukaipeza ntchitoyo, mphika ukayamba kuwira kawiri patsiku, mubwere mudzamutenge ndi manja awiri, ine ndidzakuperekezani mpaka ku Boma. Lero ndin'masula lini."

Akapsa mtima ankabwerera ku Chikunda cha amayi awo, ndipo tonse tinkadziwa kuti pamenepo palibenso kukambirana. Alamu anatembenukira kwa asisi kuti alankhule, koma asisi anangoyang'ana pansi. Basi inapita. Ambuya sanamasule mpaka dzuwa litafika pamutu, poopa kuti alamu angapeze galimoto ya nsomba. Mapalo anagona, anadzuka, anawakodzera, anagonanso. Pamene amayi anamutsitsa, Ambuya analephera kuimirira. Kuyambira tsiku limenelo sanawongokenso msana, ndipo ku dimba lawo la kumtsinje, kumene ankapitabe ndi ndodo, sanafikekonso.

Alamu anachoka mmawa mwake osatsanzika. Asisi anatsatira patapita masabata angapo, atatenga nsomba zouma zoti akagulitse. Mapalo anatsala. Ambuya ankalamula ali pa kampando: mkaka wa mbuzi mmawa, phala la nsinjiro, nsomba yosasantha ndi chala kuti minga isatsale, dzungu. Aliyense wodutsa ndi nsomba kuchokera ku mtsinje ankaitanidwa n'kuchititsidwa manyazi mpaka asiyepo imodzi. Chingwe chinathina, chinadulidwa, china chinathinanso.

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. M'nyengo ya mvula Mapalo anadwala malungo mpaka kugonekedwa ku chipatala ku Boma. Alamu anaimba foni ya amayi n'kunena kuti awapatse Ambuya. Tonse tinamva mawu awo: "Mwaona manje?" Ambuya anangoibweza foniyo kwa amayi. Masiku amenewo sanadye. Mwana atatuluka m'chipatala anamuika pamiyendo n'kundiuza kuti alamu ananena zoona, ndipo kuti akanamwalira mwanayo iwo akanapita okha ku Kitwe kukagwada. Koma sananene kuti analakwa.

Anamwalira m'nyengo yozizira ino, atadwala chifuwa masiku ochepa. Sanasiye mawu otsanzika. Chomaliza chimene ndinawamva akunena chinali kudandaula kuti phala la mwana lalowa madzi.

Lachinayi mmawa, alendo ambiri akadali pakhomo, alamu anaika kachikwama kaja pakhonde n'kupempha zovala za Mapalo. Analankhula mwaulemu. Anathokoza amayi chifukwa chosunga mwana, anati ntchito yapezeka kwa kontrakita wina, ndipo nthawi yakwana yoti banja likhale pamodzi. Amayi sangatsutsane ndi mkamwini maso ndi maso. Anayankhira m'nyumba, kuseri kwa chitseko, kuti amva. Ine ndinayamba kupinda timalaya mtima ukuwawa.

Asisi a Rozina anali atakhala pamphasa ndi amayi ena. Anafunsa osakweza mawu.

"Bashi Mapalo, ntchitoyo mwayamba liti?"

"Banena ati mwezi wa mawa."

"Mwezi watha ananenanso choncho."

"Rozina, tizakambira ku nyumba."

Asisi anaimirira, anatenga Mapalo amene ankasewera ndi chisononkho cha chimanga, anamuponya kumbuyo n'kumanga chitenje. Sanapite pansi pa mtengo. Anaima pakati pa bwalo.

"Ambuya munawaleka chifukwa simukanawagwira," anatero. "Ine ndine mkazi wanu, mungathe. Masulani."

"Ufuna kunichititsa nsoni pa maliro?"

"Manyazi ndinachita kale ine, m'basi muja. Sindidzafupikitsanso chingwe. Mwana akhala, inenso ndikhala. Ntchito ikayamba, thumba la ufa likalowa m'nyumba n'kutha, lina n'kulowanso, mutiitane. Tidzabwera tokha, simudzavutika n'kutitenga."

Amalume ena a kumaliro anayesa kulowererapo, ati mkazi salankhula choncho pagulu. Asisi anawayankha kuti pagulu pomwepo ndi pamene anakhala chete chaka chatha, nkhalamba n'kuthyoka msana m'malo mwawo. Alamu anasendera pafupi. Mapalo anatulutsa dzanja m'chitenje n'kuwapatsa chisononkho chija, iwo analandira, osadziwa chochita nacho. Potsiriza anati adzabweranso ndi amalume awo kuti nkhaniyi ikambidwe bwino, ndipo asisi anati abwere nawo, adzawaphikira. Anakwera yekha basi ya dzulo.

Sindidana nawo alamu. Amamukonda mwana wawo, ndipo ndikupemphera kuti ntchitoyo ikhale yoona. Inenso ndikufuna kudzapita ku tauni ndikamaliza sukulu, ndipo Ambuya sanandiletsepo. Sindikudziwa kuti amalume a ku Kitwe akadzabwera zidzatha bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero Mapalo wadya katatu.

Pansi pa mtengo wa masau palibe amene wakhalapo. Kampando anakalowetsa m'nyumba tsiku la maliro, ndipo patsala dothi lolimba ngati lozira, ndi timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkakumba akamakangana. Phale loviikira luzi lili potsamira tsinde, madzi anaphwa, luzi lauma n'kupindika. Masau apsa ndipo akugwa okha. Kale mbuzi zinkazungulira patali poopa ndodo, tsopano zimalowa mpaka patsinde n'kudya mosathamanga. Anthu obwera ndi nsomba kuchokera ku mtsinje amafulumirabe akafika pampanda pathu, kenaka amakumbukira n'kuchepetsa liwiro. Masana ano mtsikana wa kuseri kwathu, amene wangotuluka m'chikuta, analowa ndi khanda lake m'manja n'kulunjika pa mtengo monga amayi onse a m'mudzi muno akhala akuchitira. Anafika pa timaenje tija n'kuima. Anayang'ana phale, anayang'ana ife. Asisi anamuuza kuchokera pakhonde kuti abwerenso mkucha, luzi liyenera kuyamba lanyowa.